ACHINYAMATA NDI NKHOKWE YA MBIRI YATHU

Mlimi aliyense amadziwa ntchito ya nkhokwe. Chimanga chikauma timakolola, timatuta, timaika m'nkhokwe. Chimanga cha mbewu timachipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzichifukiza, anankafumbwe asachiboole. Banja limene silisunga mbewu limayenda ndi lichero m'makomo mwa anansi mvula yoyamba ikagwa.

Mtundu wa anthu nawonso uli ndi mbewu yake yoyenera kusunga. Mbewu imeneyi ndi mbiri. Mbiri ndiyo imatiuza kumene tinachokera, mavuto amene makolo athu anakumana nawo, ndi mmene anawapirira kapena kuwagonjetsa. Mbiri imakhala m'mitu ya akuluakulu. Imakhalanso m'mapepala, m'zithunzi, m'zida zakale ndi m'nyumba zimene anthu ankasonkhanamo. Nkhalamba ikamwalira osaifunsa, kapena chiswe chikadya pepala, mbali ina ya mbiri imapita osabweranso.

M'phunziro lino tiwerenga za gulu lina la achinyamata okonda dziko lawo, za nyumba imene inali likulu lawo, ndi za nkhokwe za mbiri zimene zinamangidwa titalandira ufulu. Pamapeto pake tidzifunsa funso limodzi: nanga mbiri ya ife a kuno ku Nyanja ya Amaramba, a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, akusunga ndani?

GULU LA OPHUNZIRA LA 1949

Mu 1949 dziko la Mozambique linali m'manja mwa atsamunda Achipwitikizi. Lamulo lawo linagawa anthu akuda pawiri. Ochuluka ankatchedwa indígena. Amenewa ndiwo ankagwidwa chibalo ndi kuyenda ndi kabuku kachitupa. Ochepa kwambiri ankatchedwa assimilado. Kuti munthu atchedwe choncho ankayenera kulankhula ndi kulemba Chipwitikizi, ndi kusonyeza kuti wasiya miyambo ya makolo ake.

Masukulu a sekondale anali owerengeka, ndipo anali m'mizinda. Mwana wakuda amene anafika kumeneko ankaloweza maina a mitsinje ya ku Portugal ndi maina a mafumu a ku Portugal. Za mafumu a kwawo ndi nyimbo za kwawo ankauzidwa kuti ndi zaumbuli. Cholinga cha maphunziro otere chinali chakuti mwanayo achite manyazi ndi amai ake omubala.

M'chaka chimenecho, mu mzinda wa Lourenço Marques, umene kuyambira 1976 umatchedwa Maputo, ophunzira ena akuda anayambitsa gulu lawo. Dzina lake linali Núcleo dos Estudantes Secundários Africanos de Moçambique, mwachidule NESAM. M'chinenero chathu tingati gulu la ophunzira a sekondale a Chiafirika a mu Mozambique. Amene anatsogolera poyambitsa gululi anali Eduardo Mondlane, wobadwira ku Nwadjahane m'chigawo cha Gaza pa 20 Juni 1920. Apolisi sanachedwe kumugwira ndi kumufunsa mafunso za gululi.

Kodi achinyamatawa ankachita chiyani? Poyera ankathandizana maphunziro, ankachita masewera ndi madansi, ndipo ankasindikiza kanyuzi kotchedwa Alvor. Koma akakhala pansi ankakambirana za dziko lawo. Ankafunsana chifukwa chake munthu wakuda ankamenyedwa ndi mbalamatodya. Ankakumbutsana kuti Mozambique anali ndi mbiri yake Mpwitikizi asanafike. Ankalimbikitsana kuti chinenero cha makolo si chochititsa manyazi.

Gululi linali laling'ono, koma taonani amene anatulukamo. Joaquim Chissano anakhalapo mtsogoleri wa NESAM, ndipo anadzakhala Pulezidenti wa dziko kuyambira 1986 mpaka 2005. Armando Guebuza nayenso anatsogolerapo gululi, ndipo anadzalamulira dziko kuyambira 2005 mpaka 2015. Pascoal Mocumbi anadzakhala Nduna Yaikulu kuyambira 1994 mpaka 2004. Munalinso mtsikana wina dzina lake Josina Muthemba, amene timamudziwa ndi dzina lakuti Josina Machel. Iye anamwalira pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25 zokha, ndipo tsiku limeneli ndilo Tsiku la Amai a mu Mozambique.

NYUMBA YA KU XIPAMANINE

Gulu lopanda pokhala limabalalika ngati anapiye opanda make. NESAM inapeza pokhala m'nyumba ya bungwe la akuluakulu lotchedwa Centro Associativo dos Negros, ku Xipamanine, dera la anthu akuda la mu Lourenço Marques. Bungweli linayamba mu 1932 ndi dzina lakuti Instituto Negrófilo, ndipo linasintha dzina mu 1938. Nyumbayo anthu ankaitchula kuti Ntsindya. M'zinenero za kumwera kwa dziko lathu mau amenewa amatanthauza likulu.

Atsamunda ankaganiza kuti nyumbayo ndi ya madansi ndi maphwando basi. Koma pa 25 Juni 1962 FRELIMO inabadwa ku Dar es Salaam, mtsogoleri wake n'kudzakhala Mondlane yemwe uja. Achinyamata a mu NESAM anayamba kuthawa mobisa kuti akalowe m'nkhondo yomenyera ufulu. Mu 1964 Josina Muthemba, Armando Guebuza ndi anzawo anagwidwa ku Victoria Falls, m'dziko limene linkatchedwa Rhodesia, nabwezedwa kundende ku Lourenço Marques. Atatuluka anayesanso, ndipo anakafika ku Tanzania.

Apolisi achinsinsi a atsamunda, otchedwa PIDE, anaona kuti utsi ukufuka ku Xipamanine. NESAM inaletsedwa. Mu 1965 bungwe lonse la Centro Associativo linatsekedwa, ndipo mtsogoleri wake, loya Domingos Arouca, anamangidwa.

Pa nthawi yotere pepala limatha kuphetsa mwini wake. Kalata, mndandanda wa maina kapena chithunzi cha pamsonkhano zinali zokwanira kuti munthu alowe m'ndende. Wanzeru ankatentha. Koma apolisi aja anali ndi mapepala awo. Ankalemba maina, masiku ndi mayankho a anthu amene ankawazunza. Mapepala a PIDE amene anatsala akusungidwa ku Lisboa, m'nyumba yosungira mapepala a boma yotchedwa Torre do Tombo, ndipo anatsegulidwa kuti anthu aziwerenga mu 1994.

Apa pali phunziro lowawa. Anthu akalephera kusunga mbiri yawo, amadzaifuna m'mabuku a mdani wawo, yolembedwa ndi dzanja la mdaniyo.

Nyumba ya Ntsindya yokha sinagwe. Akuluakulu a mzinda wa Maputo anadzaikonzanso naisandutsa nyumba ya chikhalidwe, ndipo dzina lakale lija analisunga. Makoma ake ndi mboni. Mwana akafunsa kumene Josina ankasonkhana ndi anzake, pali malo omulozera.

TITALANDIRA UFULU

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Seputembala 1964. Pangano lothetsa nkhondoyo linasainidwa ku Lusaka pa 7 Seputembala 1974, ndipo dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pa nthawiyo anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Chimenechi ndicho cholowa chimene atsamunda anatisiyira.

Pa 29 Novembala 1977 linakhazikitsidwa gulu latsopano la achinyamata, Organização da Juventude Moçambicana, mwachidule OJM, likulu lake ku Maputo. Linali gulu la achinyamata a FRELIMO, ndipo linafika m'zigawo zonse, m'masukulu ndi m'midzi. Mu 1978 inayamba kampeni yoyamba ya dziko lonse yophunzitsa akuluakulu kuwerenga, ndipo ambiri mwa aphunzitsi ake anali achinyamata. Pa 25 Okutobala 1985 kunabadwanso gulu la ana lotchedwa Continuadores, kutanthauza opitiriza ntchito.

Kuti munthu apitirize ntchito ayenera kudziwa pamene anzake analekezera. N'chifukwa chake pa 25 Juni 1978 ku Maputo kunatsegulidwa nyumba yotchedwa Museu da Revolução, pa msewu wa Avenida 24 de Julho. Museu ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale kuti anthu aziziona ndi kuphunzirapo.

M'nyumbamo munaikidwa zithunzi, mapu, makalata, mfuti ndi mayunifolomu a asilikali omenyera ufulu. Zinthuzo anazindandalika motsata nthawi, kuti mlendo akamayenda chipinda ndi chipinda aziona mbiri monga inayendera: nkhondo za mafumu okana atsamunda, nkhanza za chibalo, kubadwa kwa FRELIMO, nkhondo ya m'tchire, mpaka tsiku la ufulu. Kunaikidwanso galimoto yaing'ono ya mtundu wa Volkswagen imene Mondlane ankayendera. Iye anaphedwa pa 3 Febuluwale 1969 ku Dar es Salaam ndi bomba limene linabisidwa m'phukusi la buku.

Wina angafunse kuti, galimoto yakutha ili ndi phindu lanji? Phindu lake ndi ili: nkhani yongomva imasintha poyenda pakamwa ndi pakamwa, koma chinthu chooneka ndi maso chimakhala chomwecho. Chimachitira umboni ngakhale onse amene anachigwira atamwalira.

MATCHEDJE, M'CHIGAWO CHATHU CHA NIASSA

Nkhokwe ina ya mbiri ili m'chigawo chathu chomwe chino. Kumpoto, m'boma la Sanga, pafupi ndi mtsinje wa Rovuma ndi malire a Tanzania, kuli malo otchedwa Matchedje. Kumeneko FRELIMO inachita msonkhano wake waukulu wachiwiri kuyambira pa 20 mpaka pa 25 Julayi 1968.

Msonkhano woyamba, wa mu 1962, unachitikira kunja, ku Dar es Salaam. Wachiwiriwu unachitikira m'tchire la mu Mozambique momwe, nkhondo ili m'kati. Nthumwi pafupifupi 170 zinasonkhana. Panalinso mlembi wa mbiri wa ku Britain, Basil Davidson, amene anaona ndi maso ake nakauza maiko akunja. Nthumwizo zinasankhanso Mondlane kukhala mtsogoleri. Zinagwirizana kuti nkhondo idzakhala yaitali, kuti amai ali ndi malo awo m'nkhondoyo, ndi kuti msilikali wa adani akagwidwa asaphedwe.

Pa malopo anamangapo chipilala chachikumbutso, ndipo mu 2008, patatha zaka 40, boma linawaika m'gulu la malo otetezedwa a mbiri ya dziko. Dzina la Matchedje lafika ngakhale pabwalo la mpira, pakuti timu ya asilikali inatenga dzina limeneli. Koma ambiri amene amatchula timuyo sadziwa kuti dzinalo ndi la kwathu ku Niassa. Dzina likapanda wolifotokoza limatsala ngati chigoba cha nkhono.

ACHINYAMATA AYENDA M'MIDZI NDI MAKOPE

Mbiri ya dziko si nkhondo yokha. Kuyambira 1978 mpaka 1982 boma linachititsa kampeni yosunga ndi kulemekeza chikhalidwe, Campanha Nacional de Preservação e Valorização Cultural. Anthu otumidwa, ambiri mwa iwo achinyamata, anayenda m'maboma ndi makope. Analemba za magule, nyimbo, zoimbira, miyambo, malo opatulika ndi nkhani za akuluakulu. Kuchokera pa ntchito imeneyi kunabadwa bungwe lofufuza ndi kusunga za chikhalidwe lotchedwa ARPAC.

Mapepala akale a boma amasungidwa ku Arquivo Histórico de Moçambique, nyumba imene inayamba mu 1934 ndipo titalandira ufulu inaperekedwa m'manja mwa Yunivesite ya Eduardo Mondlane.

Pali malamulonso awiri oyenera kuwadziwa. Lamulo nambala 10/88, la pa 22 Disembala 1988, limateteza chuma cha chikhalidwe cha dziko: nyumba zakale, malo a mbiri, ndi zinthu zofukulidwa pansi. Lamulo nambala 13/2009 limateteza malo ndi zinthu za nkhondo yomenyera ufulu. Tsono kusunga zakale ndi udindo umene lamulo lomwe limaudziwa.

NANGA ZA KUNO KU AMARAMBA?

Kuchokera ku Cuamba kukafika ku Maputo pa msewu ndi makilomita pafupifupi 2,000. Ambiri a ife sitidzapondako. Ndipo ngakhale titapita, sitikapeza dzina la mudzi wathu pakhoma. Nyumba imodzi singasenze mbiri ya midzi yonse. Komatu kuno kunachitika zambiri.

Nyanja yathu imalandira madzi kuchokera ku Chiuta, ndipo imawapereka ku mtsinje wa Lugenda, umene umakathira mu Rovuma. M'mbali mwake mumakhala Anyanja, Ayao ndi Amakhuwa, ndipo malire a Malawi ali pafupi. Dzina la Amaramba linali lalikulu, pakuti dera lonse lolamulidwa kuchokera ku Cuamba linkatchedwa ndi dzina limeneli.

Mu 1891 boma la Portugal linapereka dziko lonse la kumpoto kuno kwa kampani yotchedwa Companhia do Niassa. Kampaniyo inalamulira mpaka 1929. Chuma chake chachikulu chinali msonkho wa nyumba ndi thukuta la anthu. Mfumu Mataka ya Ayao inakana kugonja, ndipo likulu lake la Mwembe linalandidwa mu 1912. Mabanja ambiri a kumpoto kwa Mozambique anathawa msonkho ndi chibalo, nawolokera ku Nyasaland. Ena anakathera m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo.

Kuyambira 1938 mpaka 1961 kunali lamulo lokakamiza anthu kulima thonje. Munda wa thonje ankaupima ndi a boma, mtengo ankaika ndi a kampani, ndipo wolephera ankamenyedwa. Nthawi yopalira mapira ndi chimanga inkathera m'thonje, njala n'kulowa m'nyumba. Masiku amenewo Cuamba ankatchedwa Nova Freixo, Lichinga ankatchedwa Vila Cabral. Njanji inafika ku Vila Cabral mu 1969, ndipo mu 1970 inalumikizana ndi ya Malawi kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi. Ku Ngauma kuli mishoni ya Massangulo, imene inayamba mu 1928, kumene ana ambiri a m'dera lino anaphunzira kulemba ndi ntchito za manja.

Titalandira ufulu kunabweranso nkhondo ya zaka 16, pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO. Midzi inapsa, masukulu anapsa, mabuku a maina anapsa. Anthu oposa 1 miliyoni a mu Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo a kuno ambiri anadutsa pa Mandimba ndi pa Chiuta. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Zaka ndi maina amenewa zili m'mabuku. Koma buku silidziwa dzina la kapitawo amene ankapima munda wa thonje m'mudzi mwanu. Silidziwa nyimbo imene amai ankaimba pamtondo pomunyoza. Silidziwa bwato limene linaolotsa anthu usiku, ngakhale mwini wake wa bwatolo. Zimenezi mukuzidziwa ndinu, amai ndi abambo. Ndipo amene anaona thonje lokakamiza ndi maso awo atsala owerengeka.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Pali chinanso choyenera kuchinena mosabisa. Museu da Revolução inakhazikitsidwa ndi FRELIMO pa nthawi imene dziko linali ndi chipani chimodzi, ndipo inafotokoza mbiri monga chipanicho chinkaionera. OJM nayonso ndi gulu la chipani. Malamulo aakulu a dziko a mu 1990 analola zipani zambiri, ndipo chisankho choyamba cha zipani zambiri chinachitika mu 1994.

Nkhokwe ya mudzi iyenera kulandira chimanga cha minda yonse. M'midzi mwathu muli amene anamenya nkhondo ya ufulu. Muli amene anagwidwa usilikali ndi Apwitikizi. Muli amene anali mbali iyi kapena mbali inayo m'nkhondo ya zaka 16, ena mosafuna, atagwidwa ali ana. Mulinso amene anatengedwa m'mizinda mokakamiza mu 1983, pa Operação Produção, natulidwa kuno ku Niassa kutali ndi abale awo. Onsewa ali ndi zimene anaona.

Sitilemba nkhani zimenezi kuti tidzutse chidani. Timalemba kuti adzukulu athu adzadziwe mtengo wake wa nkhondo, asadzainyengedwe ndi munthu wa pakamwa pokoma. Bala lophimba ndi masamba limanunkha, lotsukidwa limapola.

TINGASUNGE BWANJI?

Ntchito imeneyi sifuna nyumba yosanja. Ifuna kope, pensulo, bokosi lachitsulo ndi anthu ogwirizana. Achinyamata ali ndi miyendo ndi maso akuthwa. Akuluakulu ali ndi nkhani. Inu amene mukuphunzira kuwerenga muli pakati, chifukwa nkhani mukuzidziwa ndipo tsopano dzanja likuzolowera pensulo.

1. Tiyambe ndi kufunsa m'nyumba mwathu. Mwina muli kabuku kachitupa ka nthawi ya atsamunda, lisiti la msonkho kapena la thonje, khadi la kumsasa wa othawa nkhondo, kalata ya wachibale wa ku migodi, ndalama zakale za escudo zimene zinasiya kugwira ntchito metical itabwera mu 1980, khasu losula pamanja, mono, kapena ng'oma ya agogo.

2. Tisalande kanthu. Chinthu ndi cha mwini wake. Tipemphe mwaulemu, mfumu ikudziwa. Ngati mwini wake safuna kupereka, tingolemba za chinthucho, kapena kuchijambula ndi foni iye atalola.

3. Tilembe m'kaundula. Pa chinthu chilichonse tiyankhe mafunso asanu: Ndi chiyani? Ndi cha yani? Chinachokera kuti? Ndi cha chaka chiti? Chinkagwira ntchito yanji? Chinthu chopanda mayankho amenewa chili ngati mlendo wosalankhula.

4. Pofunsa nkhalamba tikhale pansi, tisafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tilembe m'chinenero chimene akulankhula, kaya Chinyanja, Chiyao kapena Chimakhuwa, ndipo tisakometsere mau awo. Ngati chaka sakuchikumbuka, tifunse kuti zinachitika njanji isanafike kapena itafika, ufulu usanabwere kapena utabwera. Tikamaliza tiwawerengere zimene talemba kuti akonze polakwika. Pamwamba pa tsamba tilembe dzina lawo, mudzi ndi tsiku. Ngati safuna kuti dzina lawo lilembedwe, tiwamvere.

5. Nkhani imodzi tiifunse kwa anthu awiri kapena atatu. Akasiyana, tilembe zonse ziwiri. Kusankha yotikomera ife ndi kuba.

6. Adani a pepala ndi asanu: chiswe, njenjete, makoswe, chinyezi ndi moto. Mapepala akhale m'bokosi lachitsulo lotseka bwino. Bokosilo likhale pamwamba, lisagunde pansi kapena khoma, kutali ndi podontha ndiponso kutali ndi kukhitchini. Dzinja likatha titsegule, tione ngati muli nkhungu. Kuseri kwa chithunzi tilembe ndi pensulo mopepuza dzanja, chifukwa inki imalowerera.

7. Zolemba zofunika tizikopere kawiri. Kope lina likhale kusukulu, lina kwa mfumu kapena kutchalitchi kapena kumzikiti. Nyumba imodzi ikapsa, inayo itsale. Foni nayonso imatayika ndi kuwonongeka, tsono tisadalire foni yokha.

8. Za kumanda, za kudambwe ndi za kusimba zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Zimenezo sitifukula ndipo sitiika poyera.

9. Tikapeza chipolopolo, bomba kapena chitsulo chachilendo m'munda, tisakhudze. Mu 2015 dziko lathu linalengeza kuti minda yonse ya mabomba okwirira imene inkadziwika yachotsedwa, koma zotsalira za nkhondo zimatha kuvumbuluka pansi. Tiike chizindikiro patali, tiuze mfumu ndi apolisi. Chimenecho si cha m'bokosi lathu.

10. Tisagulitse zakale kwa anthu odutsa. Ndalama imatha pa sabata imodzi, koma ng'oma ya agogo ikapita yapita. Tikapeza chinthu chachikulu, monga miphika yakale yofukuka pansi kapena zojambula pamwala, tidziwitse ofesi yoona za chikhalidwe kuboma.

Achinyamata a NESAM anali ochepa, ndipo nyumba yawo inali yobwereka. Anayamba ndi kufunsana za kwawo. Ifenso tingayambe sabata ino, munthu mmodzi nkhalamba imodzi, tsamba limodzi. Akuluakulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Koma kuti agonere, payenera kukhala powagoneka.

MAU OTI TIWADZIWE

Mbiri: nkhani ya zimene zinachitikadi kale.
Likulu: nyumba kapena malo amene gulu limayendetserako ntchito zake.
Museu: nyumba yosungiramo zinthu zakale kuti anthu aziziona.
Arquivo: nyumba yosungiramo mapepala akale.
Kaundula: buku lolembamo maina a anthu kapena a zinthu mwadongosolo.
Mboni: munthu kapena chinthu chotsimikizira kuti nkhani ndi yoona.

TIKAMBIRANE

1. Kodi NESAM inayamba chaka chiti, ndipo inkasonkhana kuti?
2. N'chifukwa chiyani atsamunda anatseka nyumba ya ku Xipamanine?
3. Kodi ku Matchedje kunachitika chiyani mu 1968?
4. Tchulani adani asanu a pepala.
5. N'chifukwa chiyani nkhani imodzi tiyenera kuifunsa kwa anthu angapo?
6. Ndani wamkulu kuposa onse m'mudzi mwanu? Ndi nkhani iti imene mungakonde kuti aifotokoze?

TILEMBE

Lembani m'kope mwanu dzina la mudzi wanu, dzina la mfumu yoyamba ya mudziwo, ndi kumene anthu ake anachokera. Ngati simukudziwa, kafunseni. Mubwere nazo pa phunziro lotsatira kuti tidzawerengere limodzi. Limeneli ndilo lidzakhale tsamba loyamba la kaundula wathu.